Kuwotcha khansa ndi boroni ndi manyutironi: chifukwa chake mlingo wa cheza sudalira makina okha

Munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera akapezeka ndi khansa ya m'kamwa kapena ya pakhosi yofunika kuwotchedwa ndi cheza, nkhani siikhala ya matenda okha. Imakhalanso ya thiransipoti, ya malo ogona, ya amene atsale ndi ana, ndi ya munda umene ulimidwe mochedwa. Radiotherapy wamba (kuwotcha chotupa ndi cheza cha makina) ya khansa za m'mutu ndi m'khosi imaperekedwa pang'onopang'ono, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu 6 kapena 7, ndipo wodwala amagona pansi pa makina maulendo 30 mpaka 35. Ku Mangochi kuno makinawo kulibe. Kwa zaka zambiri analibe m'Malawi monse, moti odwala ankatumizidwa ku India, ku Tanzania, ku Zambia kapena ku Kenya. Pano thandizoli layamba kupezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komabe kuchoka pa Mangochi Boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ulendo umene palibe angauyende m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri.

N'chifukwa chake munthu amatchera khutu akamva kuti ku Japan kuli njira yowotchera khansa kamodzi kokha, kwa nthawi yosapitirira ola limodzi. Njirayo ilipodi. Dzina lake ndi boron neutron capture therapy, mwachidule BNCT. Mu March 2020 boma la Japan linavomereza mankhwala ake, Steboronine a kampani ya Stella Pharma, pamodzi ndi makina ake, NeuCure a kampani ya Sumitomo Heavy Industries, ndipo mu June chaka chomwecho inshulansi ya boma inayamba kulipirira odwala khansa za m'mutu ndi m'khosi zimene zabwereranso kapena zimene sizingatheke kuchotsedwa ndi opaleshoni.

Koma pali chinthu chimene chimasiyanitsa njirayi ndi radiotherapy imene tikuidziwa, ndipo amene angachimvetse sangatengeke msanga ndi nkhani zake. Pa radiotherapy wamba, dokotala akalemba kuti chotupa chilandire 70 Gy, makina amapereka mlingo umenewo, ndipo akatswiri angathe kuuyeza n'kutsimikiza kuti wafika. Gy, kapena gray, ndi muyeso wa mphamvu ya cheza imene yatsalira m'kilogalamu imodzi ya mnofu. Pa BNCT makina sabweretsa mlingo wokonzeratu. Gawo lalikulu la cheza limabadwira m'kati mwa chotupacho, ndipo kuchuluka kwake kumadalira zinthu zingapo zimene zina dokotala amazilamulira, zina amangoziyerekeza.

Zimachitika motere. Wodwala amamuika diripi ya mankhwala okhala ndi boroni. Boroni si chinthu chachilendo kwenikweni. Alimi a fodya amamudziwa chifukwa feteleza wina amakhala naye pang'ono. Boroni wachilengedwe ali mitundu iwiri: pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 80 ndi boroni-11 ndipo 20 ndi boroni-10. Wofunika pano ndi boroni-10, choncho mankhwalawo amapangidwa ndi boroni woyengedwa kuti pafupifupi yense akhale wa mtundu umenewu. Boroni-10 satulutsa cheza chilichonse ali yekha. Kenako malo amene pali chotupa amawalozetsa manyutironi, tizidutswa ta m'kati mwa atomu timene James Chadwick anatitulukira mu 1932. Nyutironi yoyenda pang'onopang'ono ikafika pa atomu ya boroni-10, atomuyo imaimeza n'kusweka pawiri: chidutswa cha alpha ndi chidutswa cha lithiamu-7. Zidutswa ziwirizi zimachoka ndi mphamvu yaikulu koma siziyenda mtunda. Cha alpha chimatha pa mamaikilomita pafupifupi 9, cha lithiamu pa 5, ndipo maikilomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Selo la munthu n'lalikulu mamaikilomita pafupifupi 10. Ndiye kuti pafupifupi kuwonongeka konse kumathera m'selo limene munali boroni, loyandikana nalo n'kupulumuka ngati mulibe boroni. Gordon Locher wa ku America ndiye analemba ganizoli mu 1936.

Nanga manyutironi amasankha bwanji boroni pakati pa zinthu zonse za m'thupi? Akatswiri amayeza mwayi woti atomu imeze nyutironi ndi muyeso wotchedwa barn. Boroni-10 ali ndi ma barn pafupifupi 3,840, naitrojeni ali ndi 1.8, haidrojeni 0.33. Kusiyana n'kwakukulu zedi, koma tisafulumire kukondwa. Thupi ladzaza ndi madzi, ndipo haidrojeni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Naitrojeni ali m'mapuloteni onse. Boroni wa m'diripi amafika magawo makumi ochepa chabe pa magawo 1 miliyoni. Choncho ngakhale haidrojeni ndi naitrojeni ali ndi mwayi wochepa, kuchuluka kwawo kumachititsa kuti nawonso ameze manyutironi ambiri, ndipo cheza chotuluka pamenepo sichisankha selo la khansa kapena labwino. Boroni akachepa m'chotupa, chimene chatsala ndi kuwotcha mnofu wonse mofanana, ndipo phindu lonse la njirayi latha.

Zimenezi zinaonekera poyera pa kuyesa koyamba. Mu 1951 William Sweet, dokotala wa opaleshoni ya ubongo wa ku Massachusetts General Hospital, anayamba kuyesa njirayi pa odwala khansa ya mu ubongo pogwiritsa ntchito reactor (ng'anjo ya nyukiliya yotulutsa manyutironi) ya ku Brookhaven National Laboratory, ndipo pambuyo pake ya ku yunivesite ya MIT. Pofika mu 1961 ntchitoyo inaimitsidwa. Mankhwala oyambirira, kuphatikizapo borax, ankatsalira kwambiri m'magazi kuposa m'chotupa, moti imene inkapsa inali mitsempha ya magazi ya mu ubongo wabwino. Manyutironi ake anali ofooka, ankathera pakhungu la pamutu osafika pansi pa chotupa. Mavuto awiri amenewa, boroni kukhala pamalo olakwika ndi manyutironi kulephera kulowa m'kati, ndi amene akatswiri akhala akulimbana nawo mpaka lero.

Boroni wafika kuti, ndipo wochuluka bwanji?

Kuti selo la khansa life, pamafunika mamaikilogalamu pafupifupi 20 a boroni-10 pa galamu iliyonse ya chotupa, zimene zili ngati maatomu 1 biliyoni m'selo limodzi. Pamafunikanso kuti chotupa chikhale ndi boroni wochuluka katatu kapena kuposa poyerekeza ndi mnofu wabwino wochizungulira ndi magazi. Mankhwala amene agwiritsidwa ntchito kwambiri pa anthu ndi awiri okha. Oyamba ndi BSH, amene Hiroshi Hatanaka anayamba nawo ku Japan mu 1968. Molekyu imodzi ya BSH imanyamula maatomu 12 a boroni, koma silowa m'selo mwachangu. Imangodutsira pamene mitsempha ya magazi ya chotupa cha mu ubongo yabooka n'kukhala m'mphepete mwa maselo. Achiwiri ndi BPA, amene Yutaka Mishima anayamba kuthandizira nawo odwala khansa yapakhungu ya melanoma mu 1987. BPA ili ndi atomu imodzi yokha ya boroni, koma imafanana ndi phenylalanine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni, ndipo maselo a khansa ambiri ali ndi khomo lotchedwa LAT1 limene limaikokera m'kati poiyesa chakudya. Steboronine ya ku Japan ija ndi BPA.

Apa ndi pamene nkhani imavuta, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene pagona mtima wa BNCT yonse. Chotupa si chinthu chimodzi chofanana paliponse. Kunja kwake kuli maselo amene akugawikana mofulumira, ali pafupi ndi mitsempha ya magazi, ndipo amadya BPA kwambiri. Pakati pake pamakhala malo amene magazi safika bwino, mpweya wa okosijeni ndi wochepa, maselo ena anafa kale, ena ali phee, sakugawikana. Akatswiri a ku Kyoto University anaonetsa pa zinyama kuti maselo ogonawa amatenga BPA yochepa kuposa anzawo. Pa radiotherapy wamba selo logona limalandira cheza chofanana ndi loyandikana nalo, kaya likufuna kapena ayi. Pa BNCT selo lopanda boroni limadumphidwa. Ubwino umene umateteza mnofu wabwino ndi womwewonso umene umateteza selo la khansa limene silinadye, ndipo selo loterolo ndi limene limadzadzuka patatha miyezi n'kuyambitsa chotupa chatsopano. Khansa ya mu ubongo ya glioblastoma imawonjezera vuto lina: maselo ake amayenda n'kukabisala mu ubongo wabwino, kuseri kwa mpanda wachilengedwe umene umaletsa mankhwala ambiri kuchoka m'magazi kulowa mu ubongo. Pofuna kufikira maselo a mitundu yonseyi, madokotala ena a ku Osaka ankapereka BPA ndi BSH pamodzi, ndipo a ku Studsvik ku Sweden anatalikitsa diripi mpaka maola 6 ndi mlingo wa mamiligalamu 900 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa wodwala.

Ngakhale m'kati mwa selo limodzi, malo amene boroni wakhala ali ndi kanthu. Chimene chimapha selo ndi kuduka kwa DNA, ulusi wosunga malangizo a selo umene uli pachikatikati pake. Atomu yosweka pafupi ndi DNA imawononga kwambiri kuposa yosweka pakhoma la selo, pamene chidutswa chingathe kulowera kunja n'kukathera m'madzi a pakati pa maselo. Zotupa ziwiri zingakhale ndi boroni wofanana pa galamu, koma china n'kufa, china n'kutsala.

Nthawi nayo ndi nkhani. BPA sikhalitsa, impso zimaitulutsa mu mkodzo, ndipo diripi ikangotha boroni amayamba kutsika m'magazi ndi m'chotupa momwe. Ku America ndi ku Finland ankamaliza diripi kenako n'kuyatsa manyutironi patapita kanthawi, boroni ali m'kati motsika. Ku Japan anasintha: wodwala amalandira mamiligalamu 200 pa kilogalamu pa ola kwa maola awiri, kenako amatsitsa kufika pa 100 n'kupitiriza diripi pamene manyutironi akuwomba, kuti boroni akhazikike. Asanayatse makina amatenga magazi, amayeza boroni amene alimo, ndipo nambala imeneyo ndi imene imanena kutalika kwa nthawi yowotchera.

Taonani bwino: chimene amayeza ndi magazi, osati chotupa. Palibe amene amadula chotupa wodwala ali pa makina kuti aone boroni ali momwemo. Mapulogalamu ambiri owerengera mlingo amangotenga kuti chotupa chili ndi boroni wochuluka ka 3.5 kuposa magazi, nambala yochokera ku kafukufuku wa odwala akale. Njira yoyandikirako ku choonadi ndi sikani ya PET, imene amabaya BPA yochepa yomatidwa ndi fluorine-18 masiku angapo chithandizo chisanachitike, n'kuona mmene chotupa chikuwalira poyerekeza ndi mnofu wabwino. Malo ena akhala akufuna kuti kusiyanako kufike pa 2.5 kuti wodwala alandiridwe. Komabe PET imaona zinthu pa mamilimita angapo, pamene nkhondo yeniyeni ikuchitikira pa mamaikilomita, ndipo kajakisoni kakang'ono ka PET sikayenda m'thupi ndendende ngati diripi ya magalamu makumi atatu.

Kuya kwa chotupa

Asodzi a usipa akayatsa nyali pa nyanja usiku, kuwala kumakhala kwamphamvu pamwamba pa madzi, kumanka kuzilala mukamatsika, ndipo pansi penipeni pamakhala mdima ngakhale nyali itakhala yaikulu bwanji. Manyutironi m'thupi amatero. Akagundana ndi haidrojeni wa m'madzi a m'thupi amataya liwiro, amabalalika mbali zonse, ena amamezedwa, ena amabwerera kunja.

Manyutironi amagawidwa potengera mphamvu zawo. Ofooka kwambiri, otchedwa thermal, ali pansi pa 0.5 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya kachidutswa kamodzi), ndipo ndi amene boroni amawameza mosavuta. Koma mukawawombera kuchokera kunja amathera m'masentimita oyambirira. Othamanga kwambiri, oposa 10,000 eV, amalowa ndithu koma amawononga khungu ndi chilichonse chimene akumana nacho. Apakati, otchedwa epithermal, ndi amene anasintha zinthu kuyambira mu 1994, pamene Brookhaven ndi MIT anayambiranso kuyesa pa anthu. Amenewa amadutsa khungu asanafooke, thupi lenilenilo limawachepetsa liwiro, ndipo amasanduka a thermal ali kale m'kati. Amachuluka kwambiri pa masentimita 2 mpaka 3 kuchokera pakhungu, kenako amatsika mofulumira. Mukafika pa masentimita 6 mpaka 8, otsala amakhala ochepa moti chotupa sichilandiranso zoposa zimene mnofu wabwino wa pamwamba walandira. Chotupa chachikulu chimakhala ndi mbali yapamwamba imene ikupsa mopitirira ndi mbali yapansi imene ikulandira theka kapena kucheperapo, ndipo imene imanena ngati khansa ibwerere ndi yapansiyo.

Njira zimene anthu ayesa pozemba malire amenewa zimasonyeza kukula kwa vutoli. Hatanaka ankatsegula chigaza m'chipinda cha pa reactor n'kuwombera manyutironi pa ubongo mwachindunji. Ku Pavia ku Italy, mu 2001, madokotala anachotsa chiwindi chonse cha munthu amene khansa ya m'matumbo inali itafalikira m'chiwindimo, anapita nacho ku reactor ya yunivesite, anachiwombera manyutironi mbali zonse, n'kuchibwezeretsa m'thupi. Munthuyo anakhala ndi moyo zaka zoposa zitatu. Wachiwiri, mu 2003, anamwalira patangotha pafupifupi mwezi umodzi. Ku Japan ena ankachotsa madzi m'bowo lotsala pambuyo pa opaleshoni ya ubongo n'kuikamo mpweya, popeza mpweya sumeza manyutironi ngati madzi. Ndipo chotupa chikakhala pakhungu penipeni vuto limatembenuka: manyutironi a epithermal amachidutsa asanafooke, choncho amaika pamwamba pake chinthu chofewa chokhala ndi haidrojeni wambiri kuti awachepetse liwiro asanafike pakhungu.

Mtundu wa makina nawo umalowapo. Kale manyutironi ankachokera ku ma reactor a kafukufuku: FiR 1 ku Espoo ku Finland kuyambira 1999 mpaka 2012, Petten ku Netherlands, RA-6 ku Bariloche ku Argentina, THOR ku Taiwan kuyambira 2010, ndi ya Kyoto University ku Kumatori. Wodwala ankatengedwa kuchoka ku chipatala kupita ku malo a nyukiliya. Makina atsopano amaikidwa m'chipatala momwe. NeuCure imathamangitsa mapulotoni, tizidutswa tina ta m'kati mwa atomu, kufika pa 30 MeV (ma eV 30 miliyoni) n'kuwamenyetsa pa chitsulo cha beryllium; makina ena amagwiritsa ntchito lithiamu ndi mapulotoni a mphamvu yochepa, koma lithiamu amasungunuka pa madigiri 180 okha ndipo amafunika kuziziritsidwa mosamala. Manyutironi otuluka pamenepo amakhala othamanga kwambiri, ndiye amadutsitsidwa m'zipupa za zinthu monga aluminiyamu, fluoride ndi mtovu kuti afooke ndi kusefedwa. Kusefa kukachuluka manyutironi amachepa ndipo wodwala amakhalitsa pa makina. Kukachepa amatuluka ndi zinyalala: manyutironi othamanga ndi cheza cha gamma, chofanana ndi cha X-ray. Mu 2001 bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya la IAEA linalangiza kuti pa sentimita imodzi ya sikweya pazidutsa manyutironi a epithermal osachepera 1 biliyoni pa sekondi, kuti chithandizo chithe m'kati mwa ola limodzi boroni asanathawe.

Chinthu china chimaoneka chaching'ono koma si chaching'ono: kakhalidwe ka wodwala. Manyutironi satuluka molunjika ngati cheza cha radiotherapy wamba. Akangotuluka pabowo la makina amayamba kubalalika. Bowolo lili pakhoma, silizungulira wodwala, ndiye wodwalayo ndi amene amasendezedwa, atakhala pampando kapena atagona, mpaka tsaya kapena khosi litayandikira khoma. Phewa limatchinga. Munthu wa khosi lalifupi, kapena amene khosi lake linauma chifukwa cha radiotherapy yakale, satha kuyandikira, ndipo sentimita iliyonse ya mpata imachotsa gawo la mlingo. Akasuntha pang'ono m'kati mwa mphindi 40 kapena 50 zimenezo, zimene kompyuta inawerengera sizikhalanso zimene zachitika. Kukula kwa bowo kumathandizanso: bowo lalikulu limafikitsa manyutironi ambiri pansi chifukwa obalalika kuchokera m'mbali amawonjezera pakati, koma limaphatikizamo maso, timatumba ta malovu ndi mnofu wina wabwino.

Nambala imene imalembedwa pa pepala

Mlingo wa BNCT ndi kuphatikiza kwa zinthu zinayi: cheza chochokera ku boroni, mapulotoni otuluka naitrojeni akameza nyutironi, mapulotoni okankhidwa ndi manyutironi othamanga, ndi cheza cha gamma, chimene chambiri chimabadwa haidrojeni akameza nyutironi. Gray imodzi ya chilichonse mwa zinayizi siwononga mofanana, choncho chilichonse chimachulukitsidwa ndi nambala yake kuti chifanane ndi cheza cha radiotherapy wamba, ndipo zotsatira zimalembedwa ngati Gy-Eq. Cha gamma amachulukitsa ndi 1. Mapulotoni amachulukitsa ndi pafupifupi 3, ngakhale malo osiyana amagwiritsa ntchito manambala osiyana pang'ono. Cha boroni ndiye chimasintha malinga ndi mankhwala ndi mnofu: pa BPA, chotupa 3.8, ubongo wabwino pafupifupi 1.3, khungu 2.5, kakhungu konyowa ka m'kamwa ndi pakhosi 4.9. Manambala amenewa ambiri anachokera ku makoswe ndi zinyama zina za m'labotale.

Tiyeni tiwerenge limodzi, mongoyerekeza, kuti muone mmene zinthu zimaterereka. Tinene kuti magazi ali ndi boroni magawo 25 pa miliyoni, ndipo kakhungu ka m'kamwa kali ndi wofanana ndi magazi. Kakhunguko: 25 kuchulukitsa ndi 4.9, tipeza pafupifupi 122. Chotupa, ngati chatengadi ka 3.5 kuposa magazi: 87.5 kuchulukitsa ndi 3.8, tipeza pafupifupi 332. Chotupa chikupsa pafupifupi katatu kuposa m'kamwa, ndipo zili bwino. Tsopano tinene kuti chotupa cha munthu ameneyu chatenga kawiri kokha kuposa magazi. Nambala yake yatsika kufika pa 190, koma pepala likunenabe 332, chifukwa palibe amene wayeza. Tionjezere kuti mbali yapansi ya chotupacho ili pamene manyutironi atsika ndi theka: yatsala 95. Mbali imeneyo ikulandira zochepa kuposa m'kamwa mwa wodwalayo. Sitinawerengere n'komwe maselo ogona aja.

Ndipo simungangowonjezera nthawi kuti mubwezere zimene zatayika. Pa BNCT dokotala salemba mlingo wa chotupa n'kuyatsa makina mpaka utakwana. Amalemba malire a mnofu wabwino, ndipo chotupa chimalandira chilichonse chimene chapezeka malirewo asanafike. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti Japan ivomereze njirayi, wa odwala 21 a khansa za m'mutu ndi m'khosi, malire anali 12 Gy-Eq pa kakhungu ka m'kamwa ndi pakhosi. Zotupa zinachepa kapena kuzimiririka mwa odwala 71 pa 100 alionse, zimene n'zolimbikitsa kwa anthu amene njira zina zinali zitawathera, koma odwala 21 ndi ochepa, ndipo panalibe gulu lina loyerekeza nalo. Tsitsi kuthothoka, nseru, zilonda za m'kamwa ndi kutupa kwa timatumba ta malovu zimachitika kawirikawiri, ndipo chotupa chimene chadya mtsempha waukulu wa m'khosi wopita ku ubongo n'choopsa, chifukwa chikasungunuka msanga mtsemphawo ungaphulike. Boroni akakwera kwambiri m'magazi tsiku limenelo, nthawi yowotchera imafupikitsidwa kuti m'kamwa musapse. Ngati chotupa sichinakwere limodzi ndi magaziwo, chaluza.

Nambala ya Gy-Eq yeniyeniyo akatswiri amaikayikira. Malipoti ena amanena kuti chotupa chinalandira 60 kapena 80 Gy-Eq tsiku limodzi. Pa cheza wamba, mlingo wotere woperekedwa kamodzi ungaphe chotupa chilichonse, koma odwala ena a BNCT khansa inabwerera pamalo omwewo. Mu 2012 Sara González ndi Gustavo Santa Cruz a ku Argentina anasonyeza kuti kuchulukitsa ndi manambala osasintha kumakweza mlingo wa chotupa kuposa mmene ulili, makamaka pa milingo ikuluikulu, ndipo anakonza njira ina yowerengera imene imatulutsa manambala otsikirapo ndi ogwirizana bwino ndi zimene zinachitikira odwala. Kwa ine, Gy-Eq ya ku Finland, ya ku Taiwan ndi ya ku Japan si zinthu zoti munthu aziike pamzere umodzi n'kunena kuti uyu anapereka zambiri.

Tikabwera kwathu, khansa zimene zadzaza m'mabuku a chipatala cha Mangochi ndi m'zipatala zotumizirako za Zomba Central ndi Queen Elizabeth ndi ya khomo la chiberekero, ya kum'mero, Kaposi sarcoma ndi ya m'mawere. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kum'mero zili zochuluka kwambiri pa dziko lonse. Khomo la chiberekero lili pakati pa chiuno, ndipo gawo lalikulu la kum'mero lili kuseri kwa fupa la pachifuwa ndi mtima. Zonsezi zili kutali kuposa pamene manyutironi ochokera kunja amafika ndi mphamvu. Khansa ya khomo la chiberekero ili kale ndi njira zodziwika: katemera wa HPV, kuyezetsa msanga, opaleshoni, ndi radiotherapy yophatikiza ya kunja ndi ya m'kati. Wina akakuuzani kuti ali ndi njira yotumizira mayi anu kunja kukawotchedwa tsiku limodzi ndi boroni, funso loyamba likhale loti chotupacho chili masentimita angati kuchokera pakhungu. Ndinenenso ichi, popeza pa intaneti pamayenda zambiri: borax wa m'sitolo si mankhwala a khansa. Boroni popanda manyutironi sachita kanthu pa chotupa, ndipo borax womwedwa ndi poizoni amene amawononga impso.

Ntchito imene akatswiri ambiri akuigwira pano ndi yopeza njira yoonera mlingo pamene chithandizo chikuchitika. Pali poyambira: pa maatomu 100 a boroni amene asweka, 94 amatulutsanso cheza cha gamma cha mphamvu ya 478 keV (ma eV 478,000), chimene chimatuluka m'thupi ndipo chingathe kugwidwa ndi kamera yoikidwa pambali pa wodwala. Kuwerenga cheza chimenechi n'kuona kumene chikuchokera kungasonyeze malo enieni amene boroni akumeza manyutironi, mphindi iliyonse. Chovuta n'chakuti m'chipindamo mumadzaza cheza china, cha 2.2 MeV chochokera ku haidrojeni ndi cha 511 keV chimene chili pafupi kwambiri ndi 478, komanso manyutironi obalalika amawononga kamerayo ndipo amasokoneza zimene ikuwerenga. Magulu a ku Japan, ku Italy, ku Finland ndi ku Argentina apanga makamera oyeserera, ambiri ake a timiyala ta cadmium telluride kapena lanthanum bromide, ndipo ayesedwa pa zidebe za madzi osakaniza ndi boroni. M'zipatala zimene zikupereka BNCT lero, mlingo wa chotupa ukuwerengedwabe kuchokera ku magazi otengedwa pamkono, sikani ya masiku apitawo, ndi pulogalamu ya kompyuta imene imatsatira manyutironi mamiliyoni ambiri ongoyerekeza m'chithunzi cha mutu wa wodwalayo.